Dzina Langa pa Sipika ya a Mussa

Golomoti
6 Okutobala 2024

Bambo a Chrissie,

Moni wa kuno kumudzi. Ife tadzuka, kaya inu ku Lilongweko? Chrissie wayamba kukwera yekha pampando. Dzulo anagwa, analira pang'ono, n'kukweranso. Amayi anu ali bwinoko, miyendo ija yaphwa, koma mapilisi awo a BP atsala a sabata ino yokha. A Bizeki a galimoto aja akatsitsa mango awo kumeneko muwapatsire kangachepe ka mankhwala, ndi ulusi wakuda ngati mungaupeze wotsika mtengo.

Memole khadi ya filimu ija inafika. Gawo loyamba ndaonera kawiri pa kadividi kanga, kenako ndakapereka kwa a Mussa ku vidiyo sho monga mwa nthawi zonse. Apa ndiye mwasankha filimu. Anthu a kumeneko nyumba yawo ndi yaikulu ngati tchalitchi cha ku Mua, koma m'nyumba monsemo palibe amene amaseka. Mtsikana wokwatiwa kumene uja, wa ndolo zazitali, ndamukonda. Apongozi ake amamuyang'ana ngati wawabera nkhuku. Nanga mwana wawo wamkazi uja, wongokhalira kupemphera? Munthu sangapemphere chotero tsiku lonse, amadya nthawi yanji?

Musandiuze kanthu. Pangano lathu mukulidziwa. Inu ntchito yanu ndi kuika mawu a Chichewa pakamwa pa anthu a mufilimu kuti a makutu amve. Ine wosamvane ndimaonera ndi maso, ndipo kawirikawiri mathero ndimawatulukira filimu isanathe. Mukandiululira ndiye kuti mwandilanda ntchito.

Koma pali kanthu kakundidabwitsa. Mukudziwa kuti mashini anga osokera ali pakhonde la golosale, moyang'anana ndi sipika ija a Mussa amaika panja poitanira anthu. Chiyambire kuonetsa filimu yanuyi, anyamata a pabenchi amatembenuka n'kundiyang'ana onse pamodzi, ngati wina wawakoka chingwe. Kenako amaseka. Ndinawafunsa a Mussa pa kapepala. Anandilembera kuti, "Tisakuwonongereni filimu, alamu." A Mussa ayamba liti kusunga chinsinsi, munthu amene amauza anthu ali pakhomo kuti wakufa mufilimu ndi uje?

Mwina ndi diresi yanga yatsopanoyi. Tumizani gawo lachiwiri.

Ine wanu,
Fagness


Mchesi, Lilongwe
11 Okutobala 2024

Fagi wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi, ndi kwa wokwera mipando uja. Umuuze kuti bambo ake nawonso anayamba choncho, n'chifukwa chake mutu wawo uli ndi makona. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha, magetsi akungothimathima, ndipo situdiyo yathu ili ngati uvuni wa njerwa. Bwana akufuna magawo awiri pa sabata. Mawu anga asanduka a chule, mwayi wako sukuwamva.

Za mankhwala ndawapatsira a Bizeki, ulusi uli mu envulopu momwemo. Foni yanga inagwera m'chidebe, ili kwa okonza, ndiye usavutike kutumiza mauthenga.

Gawo lachiwiri ndi limenelo. Uonere utakhala pansi, usaonere uli ndi singano m'manja. Sindikuuza kanthu, ndalumbira. Ndingoti uziyang'ana kapu ya buluu. Komanso wa ndolo zazitali uja uzimukondabe, zivute zitani. Basi, pakamwa ndatseka, usandikakamize.

Za anyamatawo usade nkhawa. Mufilimumo ndakubisira mphatso, ndipo sindinakuuze dala. Tsiku lomwe udzaidziwe udzandiphera tambala. Akukuyang'ana chifukwa watchuka, mkazi wa DJ sayenda mobisala.

Gawo lomaliza lichedwerapo. Limene bwana anapeza zithunzi zake ndi zachimbuuzi, akufunafuna lina lowala. Ine ndinaonera lachimbuuzi lomwelo mpaka kumapeto, ndipo ndikuti Fagi, udzalira. Sindinanene kuti kulira kwake kotani.

Wako yemwe uja,
Laston


Golomoti
20 Okutobala 2024

Bambo a Chrissie,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Zomwe munatumiza ndalandira, zikomo. Kuno sikuli bwino, ndipo chimene chavuta sindikuchidziwa.

Ndiyambe ndi filimu, poti mwina mutu wake ndi womwewo. Ndaona wa ndolo zazitali akuthira ufa woyera mu kapu ya buluu, n'kupereka kwa apongozi ake. Ndaona mayiwo atagwa pa masitepe pomwe gawoli lathera. Sindikukhulupirira. Munthu wothira poizoni amayang'ana kukhomo. Uyu amayang'ana m'kapu, akuyeza ndi kasipuni mosamala. Musandiyankhe, ndangonena zomwe ndaona.

Lachiwiri amayi anapita okha kumsika kukagula usipa. Anabwerako opanda usipa, opanda ngakhale dengu. Anakhala pakhonde akupuma mwabefu. Ndinawapangira tiyi monga ndimachitira madzulo alionse. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine, n'kuitayira pansi pa mtengo wa mango. Mapilisi anakana. M'mawa mwake phala anakana. Kapu yawo ndi mbale yawo tsopano amagona nazo kuchipinda. Akudya mango ndi mtedza wosenda okha. Miyendo yayambanso kutupa.

Ndayesa kuwafunsa ndi manja. Zaka zonsezi timamvana, iwo ndi ine, manja anga anawaphunzira mpaka kumandinena nawo. Lero akundifulatira kuti asawaone.

Kumjigo azimayi akandiona amasuntha zidebe zawo. Mayi wina wabwera kudzatenga nsalu yake ndisanaidule. Ndikayang'ana milomo ya anthu ndimagwira dzina langa, zina zonse zimandipulumuka chifukwa amaphimba pakamwa. Ku sukulu ya ana osamva ku Mua anatiphunzitsa kuwerenga milomo, koma kuwerenga chikhatho sanatiphunzitse.

Ndikuopa, bambo a Chrissie. Ndikuopa kwambiri. Sindikufunsa mathero a filimu. Ndikufunsa zimene Golomoti yense wamva kale. Kodi mukunena chiyani pa sipika ija?

Ndawatumira uthenga alamu anga a Idah ku Mua kuti abwere. Ngati foni yatheka, ndilembereni lero lomwe.

Fagness


Mua
23 Okutobala 2024

Laston,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ukuyenera. Foni yako sikupezeka, ndiye ndalemba. Galimoto ya a Bizeki yafa, kalatayi ndi ya mkazi wako zibwera ndi kondakitala wa minibasi.

Iwe mutu wako umagwira? Unatenga mkazi wa mufilimu, wothira zinthu mu tiyi wa apongozi ake, n'kumupatsa dzina loti Fagness. Mayina onse a m'dziko muno anatha? Ndinaima ndekha pamsika Lolemba ndikumva mawu ako akukuwa kuchokera pa sipika ya a Mussa: "Taonani Fagness, anthuni! Akuthira chiyani umo? Mayi inu musamwe, mpongozi wanuyo akuphani!" Mawu ako enieni, omwe amayi amawadziwa kuyambira uli kumsana.

Amayi sanalowepo mu vidiyo sho chibadwire. Chithunzi sanachione. Anangodutsa ndi dengu lawo n'kumva mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, akuwachenjeza pamaso pa msika wonse. Ndawafotokozera mpaka kukamwa kuuma kuti ndi sewero la anthu akunja. Akuti, "Ngati ndi akunja, dzina la Fagness alidziwira kuti? Mwana wanga akuopa kundiuza maso ndi maso, wadzera pa wailesi." Azimayi a kumjigo nawo akuthirira ndemanga, akuti fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, munthu sangatchule mkazi wake pachabe.

Hmm, ndi mwambi wolakwika umenewo, koma ndi mmene akuyankhulira, aliyense akuponya wake.

Mwana wamkazi wopemphera uja akuti unamutcha Idah. Zikomo, koma sindikunyadira. Kumsika akundiitana kuti "Idah woyera mtima," ndipo amayi akuti mwana wawo wanena zoona pa tonse awiri.

Ndinamulembera Fagness zonse pa pepala, chifukwa wina aliyense anachita mantha. Anawerenga, anapinda pepalalo bwinobwino, n'kupita kukatsuka mbale. Mbale imodzi anaitsuka mpaka ndinachita kumulanda. Mtsikana ameneyu unamutenga chitengwa ku Mtakataka, anasiya abale ake kudzasamala amayi athu. Ine mwana wawo wobereka ndimabwera pa Sabata pokha. Lero amayi akuti aitane ankhoswe amubweze kwawo.

Tsopano ndikumagona ku Golomoti, m'mawa n'kukwera minibasi kudzaphunzitsa. Mapilisi ayambanso kumwa, koma ndikawapatsa ine. BP inakwera moti a kuchipatala anandikalipira.

Konza zimene wawonongazi. Ndipo undiuze mmene filimuyi ikuthera, zachibwana zanu zobisirana mathero ine sizikundikhudza.

Mchemwali wako,
Idah


Mchesi, Lilongwe
28 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni. Makalata onse awiri andipeza tsiku limodzi, Loweruka. Ndawerenga nditaima. Chakudya sichikulowa.

Ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimbira amayi kudzera kwa a neba. Mwina akuuzani. Ndinati amayi, zija ndi zamasewera, Fagness sanalakwe kanthu. Anandiyankha kuti, "Tsiku lija unanena mokweza, lero ukunena monong'ona. Akuopseza ndani?" Ndiye anabweza foni kwa eni ake.

Achemwali, ndikulumbira, ndinkafuna kumulemekeza. Mayina a anthu a mufilimu ndi ovuta, tonse timawasintha, ena amaika a anzawo a kumpira. Mkazi uja ndi amene ali ngwazi ya filimu yonse. Pamapeto zimaoneka kuti ufa uja sunali poizoni, ndipo nyumba yonse imamugwadira. Ndinkaona m'maganizo mwanga Golomoti yense akuombera m'manja dzina la Fagness, iye osadziwa, kenako wina n'kumulembera pa pepala. Za sipika ya panja sindinaganize. Za tiyi wa amayi sindinaganize. Ndimakhala m'kachipinda ndi maikolofoni, ndimaiwala kuti mawu amakatulukira kwinakwake.

Gawo lomaliza lapezeka, ndalimaliza kuikira mawu Lachisanu, makalata anu asanafike. Ndinapempha bwana kuti ndibwereze zina ndi zina, anakana, akuti mayina sangasinthe pakati pa filimu, anthu angamubwezere katundu. Kubwera kumeneko akuti ndidikire mwezi wa mawa uthe, ndikachoka pano malo anga atenga wina.

Mathero onse sindingathe kuwalemba pano. Si chibwana, pali povuta pena. Ndifunse kaye: mwati amayi akumwa mankhwala mukawapatsa inu. Inu nokha? Palibe wina amene angawapatse iwo n'kulandira, kaya a neba, kaya a ku Limana, anzawo opemphera nawo? Ndiyankheni chimenechi musanandikalipire.

Fagi ndikulephera kumulembera. Ndayamba kangapo, ndikung'amba.

Mlongo wanu,
Laston


Mua
1 Novembala 2024

Laston,

Moni. Inde, ine ndekha. A neba anayesa, amayi akuti Fagness anawagula ndi diresi. Ndikachedwa kusukulu amakhala ndi njala mpaka ndifike. Ukufunsiranji?

Povuta ndi pati? Wanena wekha kuti pamapeto mkaziyo amayera. Ndiye tumiza. Ndalankhula kale ndi a Mussa. Akuti tsiku loyamba adzaonetsa ulere, sipika adzakweza mpaka kumapeto, ndipo amayi ndidzawakhazika pampando wa kutsogolo, adzaone ndi maso awo, adzamve ndi makutu awo mawu ako omwewo akumuyeretsa. Azimayi a kumjigo ndidzawaitana ndekha khomo ndi khomo.

Ankhoswe agwirizana kukumana pa 10. Amalume ake a Fagness abwera kuchokera ku Mtakataka, ndipo akuti iwonso nkhaniyi anaimva pa sipika ya kwawo. Akwiya. Akuti ngati mwana wawo akutchedwa mfiti, amutenga tsiku lomwelo pamodzi ndi Chrissie.

Mkazi wako waonda. Kugolosale wasiya kupita, mashini wawabweretsa kunyumba, koma palibe akubweretsa nsalu. Amaphika chakudya cha amayi, n'kundipatsira kukhitchini kuti ndikapereke ngati ndaphika ine. Ine kuphika kwanga ukukudziwa. Amayi akuti masiku ano dzanja langa lakoma.

Galimoto ya a Bizeki yatheka, inyamuka kumeneko Lachiwiri. Memole ikhale m'menemo. Ikapanda kukhalamo ndibwera ndekha ku Mchesi, ndipo bwana wakoyo adzandidziwa.

Idah


Mchesi, Lilongwe
5 Novembala 2024

Fagi,

Moni. Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu wofunsa kuti uli bwanji.

Ndalakwa. Ndinatenga dzina lako n'kuliika pamalo amene iwe sungalimve. Ndinkati ndi mphatso. Pepa, mayi a Chrissie, pepa kwambiri.

Memole ndawauza a Bizeki kuti apereke m'manja mwako, osati mwa achemwali. Uonere wekha, chitseko chotseka, usanapereke kwa a Mussa. Uonere mpaka zilembo za kumapeto. Sindikuuza mathero, koma ulendo uno si chifukwa cha pangano lathu. Ndikuchita manyazi kuwalemba. Mayina onse ndinaika ndikuseka, ndinkati tidzasekera limodzi pa Khirisimasi.

Ukaona, uchite chimene ukuona kuti n'choyenera. Iwe umaona bwino kuposa ine.

Bwana ayamba kugulitsa gawoli pa 15. Zikatero lifika kumeneko ndi anthu ena, ine sindingaliletse.

Laston


Golomoti
8 Novembala 2024

Bambo a Chrissie,

Moni. Chrissie ali bwino. Amayi miyendo yayambanso kuphwa.

Ndaonera. Pakati pa inu ndi ine palibenso choululirana, ndiye ndinene. Ndinalondola: ufa uja unali mankhwala ochokera kwa dokotala, mtsikanayo amapulumutsa apongozi ake mobisa. Ndaona nyumba yonse ikumugwadira. Ndinalira, monga munanenera. Ndinaona chimene munkafuna kundipatsa, ndipo chinali chabwino.

Ndaonanso amene amapaka poizoni pa mikanda yopempherera ya mayiwo kuti atenge nyumba. Mwana wawo yemwe, wopemphera uja. Amene munamutcha Idah.

Ndinazimitsa kadividi. Milomo yanu sindinaione, koma ndikukudziwani. Ndikudziwa mmene mwakuwira pamenepo, ndipo ndikudziwa dzina limene mwakuwa. Mukufuna amayi akhale pampando wa kutsogolo amve zimenezo? Anakhulupirira mawu anu pa ine, mkazi wobwera. Adzawakhulupiriranso pa mwana wawo. Ndiye mapilisi adzawalandira kwa ndani? Mukuganiza kuti adzabwerera kwa ine tsiku lomwelo, ngati mufilimu? Munthu wamantha sabwerera msanga choncho. Adzatseka chitseko, tonse awiri tili panja.

Ndakwiya nanu, ndipo chimene chandikwiyitsa kwambiri si dzina lija ayi. Ndi mawu oti ndichite chimene ndikuona kuti n'choyenera. Mwayatsa moto inu, mwanditumizira ine kuti ndisankhe nyumba yoti ipse.

Alamu a Idah anaona a Bizeki akundipatsa envulopu. Andifunsa kawiri. Ndawalembera kuti memole yabwera yowonongeka, sikutseguka. Anatukwana dzina lanu, analira, n'kundikumbatira. Sindinanamizepo alamu chikwatiwire pakhomo pano, ndipo zikundiwawa.

Ndiye mkuja, pa 10, ankhoswe akumana popanda filimu. Amalume akati tiyeni, ndipita. Nditenga Chrissie ndi mashini. Sindikupita chifukwa ndavomera mlandu, ndipo sindikulonjeza kuti ndidzabwerera. Zimenezo zidzaoneka.

Inu mubwere pa 15 pasanafike. Za bwana wanu musandilembere. Muyambe mwawauza achemwali anu ndi pakamwa panu, asadzamvere pamsika monga anamvera amayi. Kenako mukhale pansi ndi amayi pakhonde. Kadividi ndikasiya pa shelefu, magawo onse atatu ali m'chitini cha mabatani. Muwaonetse kuyambira poyamba, mawu mutazimitsa, monga ndimaonera ine. Aone okha kuti ndi anthu a dziko lina, a tsitsi lina, m'nyumba imene si yathu, ndipo kuti mulibemo Fagness kapena Idah. Inu mukhale chete mpaka ithe. Ndikudziwa kuti zimenezo zikuvutani kuposa ulendowo.

Ngati sizigwira, sindikudziwa. Usiku sindikugona poganiza kuti mnyamata wina angabwere nalo gawoli pa foni kuchokera ku Salima inu musanafike.

M'mawa uno amayi amwa mapilisi onse awiri ndipo phala amaliza, mpaka kupempha lina. Ndinaphika ine, anapereka alamu. Ndinaima kuseri kwa bafa, pomwe pali kampata pa udzu, kuti ndiwaone akumeza iwo osandiona.

Fagness